Za madigadi zija, imvani mbali yanga

Inu amene mukutumizirana chithunzi changa chija pa WhatsApp, eya ndine ndemwe, ndipo chimzere chofiira chochokera pa lamba mpaka pachipumi si penti ayi, ndi dothi la ku Chibavi.

Njingayo mukuidziwa, Honda CG125 imene anandipatsa amalume, yogula nthawi ya Kamuzu. Mtundu umenewu unatuluka mu 1975 ndipo anapangira dala anthu ngati ife osintha oilo tikakumbukira, injini yake siifa wamba. Koma kaonekedwe aise. Ukangokwera aliyense amati alangizi abwera kudzaona chimanga. Ndiye nditaona zimene anyamata akunja amapanga pa Facebook, zija amati cafe racer, ndinapita nayo kwa wowotcherera wina ku Luwinga, chishalo tinadula, mahandulo tinatsitsa, ekizozi tinachotsa zam'kati kuti izilira mwaulemu wake, thanki penti yakuda bii, madigadi onse awiri pansi. Inatuluka yokongola, izi nokha munavomereza.

Kungoti anyamata a pa Facebook aja sakhala ku Mzuzu.

Loweruka kunali chinkhoswe, ine malaya oyera ositasita, kamvula kamawawa kaja kosatha kakugwa kuyambira m'mawa. Nditangosiya tala, tayala lakutsogolo linayamba kundipaka kumaso, lakumbuyo likumalizitsa kumsana. Ndikanatha kufika mwakachetechete nkukasamba kuseri, koma ekizozi ija inali italengeza kale ndikadali ku Katoto moti pofika anthu onse anali atatembenuka.

Amalume anadzuka pampando pang'onopang'ono. Ine sanandiyang'ane olo pang'ono. Anazungulira njinga, kenako anavula chipewa, amwene anavula chipewa! Anaika dzanja pathanki nkumasisita pamene panali phiko la Honda ngati akuona nkhope pamaliro. Azimayi anasiya mithiko m'mapoto, DJ naye sindikudziwa anamutuma ndani anatsitsa nyimbo. Ine ndili chiimire, matope akutsetsereka pamphuno kulowa mkamwa, mchenga ukulira m'mano, kulavula sindingathe poti ankhoswe akuchikazi ali pompo, ndinangomeza basi.

"Mphwanga, madigadi ali kuti?"

"Alipo amalume, akugwira ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Nkhuku zikumweramo madzi."

Anakhala pansi. Atapuma ndi pamene anayamba kufotokozera gulu lonse kuti kunabwerapo bambo wina kuchokera ku Lilongwe kudzaipempha ndi ndalama zooneka chifukwa chilichonse chinali orijino mpaka mabawuti, iwo nkukana kuti ndikusungira mphwanga. Mawu oti mphwanga anawatchula akuloza ine ndi chipewa.

Koma tinene zoona, amalume omwewa zaka zonse ankamanga kireti kumbuyo ndi malegeni, pachishalo anakutira ndi chikopa cha mbuzi, galasi limodzi linali la minibasi. Zimenezo ndiye za kufakitale? Iwo akasintha ndi nzeru, ndikasintha ine ndaononga chuma cha mtundu eti. Njinga yosungira munthu wa ku Lilongwe ine ndikwera liti?

Madigadi akutsogolo ndabwezera, koma nyengo yamvula yokha, musayambe kunyada. Akumbuyo adikire kaye, thadzi laikiramo mazira ndipo mayi akunyumba akuti ndisayerekeze kukhudza lisanaswe.