Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kiyi wa pachingwe cha nsapato

Gawo lapitalo ndinalekeza nditangotsika basi pa depoti ya Mzuzu, chikwama chili kumutu. Malume ankakhala ku Chibavi, ndipo ntchito imene anandiitanira, ya m'shopu yogulitsa zitsulo za njinga, ndinapeza italowedwa kale ndi mlamu wa mwini shopu. Ndinangokhala osagwira ntchito miyezi itatu. Amene anakhalako ku Mzuzu mu June akudziwa: chifunga m'mawa, kamvula kowaza tsiku lonse, zovala masiku atatu pachingwe osauma. Ine mwana wa ku Dedza ndinkati kuzizira ndimakudziwa, koma kwathu kumazizira mouma. Kwa kunoku kumakutsatira mpaka m'bulangete.

Chitumbuka ndinali ndisanachigwire. Anthu ankandiyankha m'Chichewa bwinobwino, poti m'tauni muno zilankhulo zimayendera limodzi, koma nthabwala zikayamba ine ndinkaseka anzanga atatha kale.

Holo imene ndikufuna kukambayi ndinaipeza potsata kulira kwa ng'oma. Inali nyumba yakale yosungiramo katundu, malata a dzimbiri, mabenchi osalingana miyendo, ndi shelefu imodzi ya mabuku. Mwini wake anaipereka kuti anthu a m'deralo azichitiramo zawo, bola madzi ndi magetsi azilipira okha. Panalibe wolandira malipiro ngakhale mmodzi. Pakhomo ndinakumana ndi mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma, amene aliyense ankangowatchula kuti a Madamu. M'khosi anavala chingwe cha nsapato, kumapeto kwake kuli kiyi.

"Mwanawe, wabwera kudzaonera kapena kudzathandiza? Oonera amabwera Loweruka."

Linali Lachiwiri. Ndinati, "Kudzathandiza, amayi," chifukwa cha manyazi basi. Anandipatsa tsache.

Ndinasesa sabata ziwiri ndisanadziwe kuti ndili ndi kanthu kena kopereka. Tsiku lina anyamata ankalimbana ndi ng'oma imene inkangoti phwa phwa ngati chidebe, chikopa chitafewa ndi chinyezi. Ndinasonkha kamoto ka mapepala ndi tinkhuni panja, n'kuiwamba pang'onopang'ono, ndikuitembenuza ndi kuigogoda ndi chala mpaka mawu atakwera, kenako ndinakonza phula la pakati monga ankachitira agogo akamakonza mpanje. Mnyamata wina wa ku Nkhata Bay anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene a tsache, kani ndinu a ng'oma?" Kuyambira pamenepo moto unali udindo wanga.

Anyamatawo ndi amene ankavina malipenga: kabudula woyera, masokosi mpaka m'mawondo, kuguba ngati asilikali, kwinaku akuimbira m'zikho zouma zimene kukamwa kwake amamatako kansalu koyera ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Amene anaonapo mganda wa ku Dowa kapena ku Ntchisi sangadabwe nawo, ndi pachibale. Kansaluko tinkakafuna kuseri kwa mabenchi, ndipo a Madamu analetsa kusesa akangaude a pakona imodzi. Ndiye musati tinali auve.

Gule anali mbali imodzi chabe. Lachitatu amayi a banki mkhonde ankayala chitenje n'kuwerengerapo ndalama zawo. Madzulo ana a Fomu 4 ankabwera ndi makope, ndipo ophunzira awiri a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ankachoka ku Luwinga pa kabaza wolipira okha kudzawathandiza masamu a MSCE. Pakagwa maliro m'deralo mabenchi onse ankatuluka, ena osabwerera. Loweruka tinkaika mbale pakhomo, ndipo zimene zagweramo n'zimene zinkagula mayunitsi. A Madamu ankalemba tambala iliyonse m'kope la chikuto chofiira, limene aliyense anali ndi ufulu wolitsegula.

Mkangano waukulu umene ndinaupeza unali wa vimbuza. Achinyamata ankafuna kuvina pa Loweruka, ati si UNESCO inauzindikira mu 2005 pamodzi ndi gule wamkulu, tibisirenji? Akuluakulu ena ankati vimbuza ndi gule wochizira odwala, si wa pasiteji. Ena a mpingo sankafuna n'komwe kumva dzinalo. Atandifunsa maganizo, ndinati kwathu gule wamkulu sumangomutulutsa kudambwe chifukwa kwabwera alendo. Anagwirizana kuti nyimbo ndi ng'oma ziphunzitsidwe, koma kuvina kwenikweni kusiyidwe kwa eni ake. Palibe amene anakondwa kwathunthu, komabe Loweruka lotsatira onse anabwera.

Anthu akamakamba za malo ngati amenewa amathamangira kunena za ndalama, ati mabungwe atithandize. Ine ndinaona kuti ndalama zinkasowa mwezi ndi mwezi koma chitseko chinkatseguka. Chimene chinkandiopsa n'chakuti munthu mmodzi yekha ndiye ankadzuka kukatsegula, kukatseka, kupepesa aneba phokoso likachuluka, ndipo mawondo ake anali atayamba kale kukana.

Mu April, mvula ya kuno isanaleke, a Madamu anaitanidwa kumaliro ku Ekwendeni. Anavula chingwe chija n'kundiveka.

"Ukamatseka, ika mabeseni atatu pamene pali zizindikiro za choko, ndipo shelefu uikokere pakati."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Madzulo ake anzanga anandikopa kukaonera mpira pa kanema, ndinatseka mothamanga. Usiku inagwa mvula yoti ngalande za ku Chibavi zinasefukira. M'mawa ndinapeza madzi akuyenderera pakhoma, mabuku a pamwamba atatupa ngati mabanzi, kope lofiira lija inki itasungunuka masamba angapo. Ndinakhala pabenchi n'kuyamba kuwerengera ya basi yobwerera ku Dedza.

A Madamu anafika tsiku lachitatu. Ndinali nditayanika mabuku pamabenchi, tsamba ndi tsamba, ena ndikuwasita ndi ayironi ya makala ya azakhali. Anayang'ana denga, anayang'ana ine, anatola kope lawo n'kulifunyulula mosamala.

"Za February ndi March ndimazikumbukira pamtima. Bweretsa cholembera, ine ndizinena iwe uzilemba."

Tinalemba mpaka mdima. Potuluka ndinavula chingwe kuti ndiwabwezere. Anangoti, "Mawa amayi a banki amafika 2 koloko, usawaimike panja," n'kukwera kabaza.

Gawo likubwerali ndikuuzani mmene ndinakwerera denga lija ndi malata obwereka, ndi mtsikana wa ku Zolozolo amene anandigwirira makwerero.