Musanagule khadi la graphics, tsegulani kaye kesi

Ambirife amene timasewera magemu pa kompyuta kuno sitinagule makina atsopano a mu katoni ayi. Zathu ndi zija zotuluka m'maofesi, ma Dell OptiPlex, ma HP ProDesk, kapena kompyuta yomwe munthu unamanga wekha pang'onopang'ono, mwezi uno RAM, mwezi winawo SSD. Ndiye ikafika nthawi yoika khadi la graphics labwinoko aliyense amathamangira kufunsa kuti lothamanga kwambiri ndi liti pa ndalama zomwe ndili nazozi. Ine ndikuti funso limenelo lidikire. Yambani mwamasula chitseko cha kesi muone power supply, bokosi logawa magetsi ku zipangizo zonse za kompyuta, yomwe ili mkatimo, chifukwa ndi imene ikuuzeni khadi lomwe mungagule.

Kompyuta yanga ili ndi CPU ya i5-8400, RAM ya 16GB, monita ya 1080p, ndipo khadi lomwe lakhala likundisunga ndi GTX 1050 Ti. Khadi limeneli linatuluka mu 2016, lili ndi 4GB, ndipo GTA V limayendetsa bwinobwino mpaka lero. Koma kuyambira pa FIFA 23, 1050 Ti ndi imene EA anailemba ngati poyambira penipeni, kutanthauza kuti gemu itseguka inde koma musayembekezere zambiri, ndipo mukakhala anthu awiri pa ma controller mpira n'kumadukaduka pomwe winawe uli m'bokosi, zimawawa ndithu.

Pa power supply paja pamakhala pepala lomata. Osangowerenga nambala yaikulu ija ya 500W, pitani pa mzere wa +12V muone ma amp ake, muchulukitse ndi 12. Mukapeza palembedwa 18A ndiye kuti mphamvu yeniyeni yomwe khadi ndi CPU zikugawana ndi 216W basi, zinazo ndi zokopera wogula. Ma power supply obwera ndi makesi otchipa ambiri ndi otero, ukawanyamula amapepuka ngati chitini chopanda kanthu. Kenako onani mawaya. Pomwe khadi limalowa pa motherboard, potchedwa PCIe, pamangopereka 75W, khadi lofuna zoposa pamenepo limafuna waya wakewake, wa 6-pin womwe umawonjezera 75W kapena wa 8-pin womwe umawonjezera 150W. Ngati mulibe waya umenewu chonde musagule timaadaputa tija tochoka pa SATA kupita ku 8-pin, polumikizira pa SATA sanapapangire katundu wolemera choncho, pamatentha mpaka kusungunuka. Ndiye muonjezerepo magetsi athuwa, kuzima kuyaka, nthawi zina kubwera ndi mphamvu, power supply yabodza ikafa simafa yokha, imapita ndi zinzake.

Amene muli ndi timakompyuta tating'ono ta muofesi tija, ta SFF, nkhani yanu ndi yaifupi. Power supply yake imakhala ya 180W mpaka 255W, mapulagi ake ndi a kampani yomweyo moti kusintha ndi chintchito, komanso kesi ndi yopapatiza. Funani khadi la low profile, lija lokwana mu kesi yopapatiza, losafuna waya: GTX 1650, kapena RTX 3050 ya 6GB yomwe inatuluka mu 2024 ndipo imadya 70W. RX 6400 imalowanso koma imagwiritsa njira 4 zokha za PCIe, pa motherboard yakale ya PCIe 3.0 imabanika, komanso ilibe encoder yojambulira gemu.

Tsopano RX 580. Apa ndi pamene ambiri timakodwa ndipo nanenso ndinaiganizira kwambiri, chifukwa 8GB pa mtengo wotsika choncho, ndi mmene kwacha inagwera mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndani angapenye kumbali? Ndi khadi labwino la m'nthawi yake, 2017, ndipo FC (dzina latsopano la FIFA), eFootball, Fortnite pa 1080p limakoka. Koma dziwani chifukwa chake adzaza msika. Makhadi amenewa ndi omwe anthu ankakumbira Ethereum, ndalama ya pa intaneti, amayaka usana ndi usiku osapuma, ndiye mu September 2022 Ethereum itasiya njira yokumba ija onse anakhuthulidwa pa msika nthawi imodzi. Ena anawatsuka, kuwaveka chivundikiro chatsopano ndi dzina lomwe simunalimvepo, n'kuwaika mu katoni yonyezimira. Ndiye palinso ina yolembedwa RX 580 2048SP, imeneyo inapangidwira msika waku China ndipo mkati mwake ndi RX 570, chifukwa 580 yeniyeni ili ndi ma stream processor 2304. Wogulitsa mwina nayenso sakudziwa, iye anangoitanitsa. Kupatula apo imadya 185W, kutentha kwake mu October chipinda chili chofolera malata mafani amalira ngati akufuna kuuluka, ndipo AMD inaichotsa kale pa mzere wa makhadi olandira madiraiva atsopano pafupipafupi. Magemu ena atsopano, monga Indiana Jones and the Great Circle ya 2024, amafuna khadi lokhala ndi ray tracing, luso loonetsa kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, pa 580 satseguka n'komwe. Ngati ndalama zathera pomwepo ndipo power supply yanu ndi ya 500W yeniyeni, gulani, sindikuletsani, bola muiyese kaye pamaso panu.

Ine ndaima pa RX 6600. Inatuluka mu October 2021, ili ndi 8GB ya GDDR6, imadya 132W yokha ndi waya umodzi wa 8-pin, koma imaisiya kutali 580 komanso GTX 1660 Super yomwe ili ndi 6GB. Kusiyana kwa 53W pakati pa 6600 ndi 580 pa ma unit a magetsi sikoopsa kwenikweni, koma kwa amene timadalira UPS kapena inverter kuti magetsi akathima upeze mpata wosunga gemu n'kuzimitsa bwino, kumaoneka. Pa 1080p pafupifupi chilichonse chimene ndimasewera chiyenda pa high, ndipo zolemera zija pali FSR yothandizira, luso la AMD loonjezera mafelemu pochepetsako pang'ono kuoneka bwino kwa chithunzi. Imagwiritsa njira 8 za PCIe, pa bolodi yanga ya 3.0 imataya pang'ono chabe, zosiyana ndi 6400 ija. RTX 3060 ya 12GB ndi yabwino, makamaka kwa amene mumapanganso mavidiyo kapena kugwiritsa Blender, koma pa magemu okhaokha sizisiyana kwambiri ndipo ya kaunjika yomwe imakhala yokwera mtengo chifukwa cha dzina la Nvidia. Intel Arc B580 nayo ndi yokopa, 12GB pa 249 dollars pomwe imatuluka mu December 2024, koma imafuna Resizable BAR, setingi ya mu BIOS yolola CPU kufikira memory yonse ya khadi, ndipo ma motherboard akale ambiri alibe, ndiye kwa ife a makina akale ayi.

Kupitirira pamenepo sindikuona phindu. Monita ya 60Hz singakuonetseni mafelemu oposa 60, ndipo ngati CPU yanu ndi ya ma core 4 ngati i5-4570 kapena i5-6500, khadi lalikulu lizingokhala kudikira CPU. Ndalama yotsalayo bola ipite ku power supply yodziwika ya 550W, ya Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, ndi RAM kuti ifike 16GB timitengo tiwiri.

Tsiku logula, kaya mwapeza pa Facebook kaya kwa munthu wobwera nazo kuchokera ku Johannesburg, musapereke ndalama khadi lisanayake. Nyamulani flash yokhala ndi mapulogalamu awiri, GPU-Z younikira khadi ndi FurMark yoligwiritsa ntchito yolemetsa. GPU-Z ikuuzani dzina lenileni la chip, ma shader ndi mtundu wa memory, ndipo makhadi ena achinyengo imawalemba kuti fake. FurMark muisiye mphindi 15 kapena 20 mukuyang'ana kutentha, ikani khutu pafupi mumve ngati fani ikukhula penapake, ndipo pa sikirini pakaoneka timadontho tobiriwira kapena mizere, bwezani, memory yatopa imeneyo. Tembenuzani khadilo muone kumbuyo, bolodi yoderako mozungulira chip ndi chizindikiro choti lapsa nthawi yaitali. Yesaninso mabowo onse a HDMI ndi DisplayPort. Ndipo wina akakuonetsani GTX 1050 Ti yokhala ndi bowo la buluu la VGA, chokanipo, Nvidia inasiya VGA pa makhadi a mtundu umenewo, zimenezo zimakhala ma GTS 450 akale omwe anawasintha dzina mu BIOS. Wogulitsa wokana kuti muyese, mutsanzikeni mwaulemu basi.

Yezaninso kutalika kwa kesi ndi tepi musananyamuke, makhadi ena a mafani awiri amagunda pomwe pamakhala ma hard drive. Monita ikakhala ya VGA yokha mufunika adaputa ya HDMI kupita ku VGA, chifukwa 6600 ilibe bowo limenelo. Ndipo amene mukuchoka ku Nvidia kupita ku AMD ngati ine, chotsani madiraiva akale ndi pulogalamu ya DDU muli mu safe mode ya Windows musanaike khadi latsopano. Madiraiva a AMD ndi mazanamazana a ma MB, ndiye apangeni download kale ndi bandulo ya usiku, muasunge pa flash yomweyo.