Lipoti la ulendo wokaona zida zophunzitsira Python m'chaka choyamba

Gulu lathu la aphunzitsi a za makompyuta linapita ku yunivesite ina kukaona momwe anzathu kumeneko amasankhira zida zophunzitsira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, kwa ophunzira ongoyamba kumene.

Titafika mu labu, anatipatsa pulogalamu yaifupi yowerengera avareji ya mamakisi, yomwe anailakwitsa dala: mzere wa total = 0 unali mkati mwa loop, gawo la pulogalamu lomwe limayenda mobwerezabwereza. Pulogalamu yomweyo amaiika m'chida chilichonse, n'kukhazika wophunzira watsopano pakompyuta kuti aone ngati angapeze vutolo payekha. Njirayi inatigwira mtima, chifukwa wongoyamba amathera nthawi yambiri pa pulogalamu yokanika.

Thonny, pulogalamu yolembera ndi kuyendetsera Python yomwe anapanga Aivar Annamaa ku University of Tartu ku Estonia, ndiyo inachita bwino. Imabwera ndi Python yakeyake ndipo siifuna intaneti ukaiika. Wophunzirayo anadina Ctrl+F5, kenako F7 mobwerezabwereza kuti pulogalamuyo iziyenda sitepe imodziimodzi, maso ali pa kawindo ka Variables, koonetsa zomwe mayina ngati total akusunga. Ataona total ikubwerera pa 0 kachitatu, analoza mzere wolakwikawo ndi chala popanda womuuza.

Python Tutor ya Philip Guo imajambula mivi yosonyeza kuti mayina awiri akuloza list imodzi, chinthu chovuta kuchifotokoza pa bolodi. Koma imadalira intaneti, siwerenga mafayilo, ndipo loop yaitali imaidula masitepe akachuluka.

Google Colab, yolembera Python pa intaneti m'timagawo totchedwa ma cell, tinaikayikira. Wophunzira akhoza kuyendetsa ma cell mosatsata ndondomeko, variable yomwe anafufuta kale mzere wake n'kukhalabe m'memory. Lero pulogalamu iyenda, mawa ikana, iye osadziwa chifukwa.

Tinakhalitsa pa CodeRunner, yomwe imachonga ntchito mu Moodle, pulogalamu yoyendetsera maphunziro pa intaneti. Imafuna seva yapadera ya Jobe yoyendetserapo mapulogalamu a ophunzira, kuti code yolakwika isasokoneze Moodle. Vuto lake lili pa kuchonga: mukaisiya momwe imabwerera, imafananitsa zotuluka chilembo ndi chilembo, moti wolemba "average" m'malo mwa "Average" amalephera ngakhale anaganiza bwino. Anzathuwa amauza ophunzira kulemba function yobweza yankho ndi return, ndipo amaonetsa poyera mayeso awiri oyesera function yawoyo, ena n'kubisa, kuti wina asangolemba yankho lokonzeratu.

Tagwirizana kuti semesita isanayambe tiyese zida zinayi zonsezi mu labu yathu, pa makompyuta akale kwambiri, kamodzi intaneti ilipo, kamodzi titaizimitsa.