Mmene ndinasinthira ekizozi ya RunX yanga ku Kasungu

Galimoto yanga ndi Toyota RunX ya injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, ya giya wamanja, imodzi mwa galimoto zambirimbiri zochokera ku Japan zomwe zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe. Nditayenda nayo zaka ziwiri pamsewu wa M1 pakati pa Kasungu ndi Lilongwe, ndinayamba kulakalaka zinthu ziwiri: kuti izilira ndi mawu okhuthala, komanso kuti izikoka bwino ndikafuna kupitirira lole yodzaza mabelo a fodya yopita ku Chinkhoma. Pa nthawiyo ndinkaona ngati kulira ndi kukoka n'chinthu chimodzi, ndipo ndalama zanga zoyamba zinalowa m'madzi chifukwa cha maganizo amenewo.

Ndinapita kwa wowotcherera wina m'tauni muno, ndipo tinagwirizana kuti adule sailensa ya kumbuyo pamodzi ndi kachitini ka pakati kotchedwa resonator, n'kuikapo paipi ya mainchesi 3 yothera pa chitini chonyezimira chakukamwa kwakukulu. Galimoto ikaima chabe, kulira kwake kunkandikoma m'makutu. Koma nditangolowa mumsewu ndinamva kuti ponyamuka yayamba ulesi, moti ndinkachita kuponda moto kwambiri kuti ichoke pamalo. Choipa kwambiri chinali chiphokoso chogunda m'mutu chimene chinkadzaza m'kati singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ikafika cha m'ma 3000, pomwe galimoto imakhazikika pa ulendo wautali. Tisanafike n'komwe pa mlatho wa Bua, mayi akunyumba anandiuza kuti, "Bambo, mwanayu sangagone m'galimoto yotere." Tsiku lina ndinapeza masamba ataikidwa pamsewu pamudzi wina wa kufupi ndi Santhe, ndipo ngakhale ndinachepetsa liwiro monga mwa mwambo wathu pamaliro, anthu onse a pasiwa anatembenuka kuyang'ana galimoto yanga. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo ananditengera kwa makaniko wachikulire amene ndinayenera kuyambira.

Madalawo anagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto, kenaka anati, "Achimwene, paipi iyi ndi ya lole, si ya kainjini aka." Anandifotokozera kuti utsi umatuluka m'masilinda anayi motsatizana, ndipo utsi wa silinda imodzi ukamathamanga m'paipi umasiya kumbuyo kwake kampata kamene kamakoka utsi wa silinda yotsatira. Paipi ikakula mopitirira muyeso, utsi umayenda mwaulesi ndipo umazizira msanga, kukokana kuja kumachepa, choncho injini imataya mphamvu ya pansi, yomwe ndi imene munthu amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Sikuti injini imafuna kutsamwitsidwa ayi, koma imafuna njira yoti utsi uzidutsamo mosapanikizika komanso mwaliwiro, ndipo kwa injini ya malita 1.5 yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini, njira imeneyo siposa mainchesi 2.

Tisanagule chitsulo china chilichonse, madalawo anakakamira kuti tiyambe taona thanzi la injini. Apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Anachotsa makoyilo ndi mapulagi onse anayi, n'kupima compression, yomwe ndi mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya, ndipo mwamwayi manambala ake anali oyandikana. Mapulagi anali atatha, kampata kake katakula. Sensa yoyeza mpweya wolowa, ya MAF, yomwe imakhala pafupi ndi bokosi la eyakilina, inali itakutidwa ndi fumbi lofiira la kwathu kuno. Anaipopera mankhwala ake osakhudza ndi chala tiwaya take tosalimba, n'kuisiya kuti iume yokha. Anatsukanso throttle body, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini munthu akaponda moto, yomwe inali yakuda bii ndi mwaye, tinathira oyilo watsopano ndi fyuluta yake, chifukwa VVT-i ya injini imeneyi, yomwe imasintha nthawi yotsegukira mavalavu, imayendera mphamvu ya oyilo ndipo oyilo wakuda amaichedwetsa. Ndikunena mosapsatira kuti pa zonse zomwe ndinachita pa galimotoyi, ntchito ya tsiku limeneli ndiyo inabweza mphamvu yochuluka. Injini imeneyi inachoka kufakitale ili ndi horsepower pafupifupi 110, ndipo manambala otere amawerengedwa ngati kuti galimoto ili m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kasungu ali pamtunda wa mamita oposa 1000, pomwe mpweya ndi wopepukirako, choncho injini yopanda turbo imataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake. Yotsalayo si yoti munthu aziitayanso ndi mapulagi otha.

Zipangizo za ekizozi ndinakazifuna ku Lilongwe, m'mashopu a ku Malangalanga ndi m'magalaja a ku Biwi. Ndinagula paipi ya mainchesi 2, resonator yaitali, sailensa yoti ukaisuzumira umaona kuwala mbali inayo koma m'mbali mwake muli tibowo ndi ubweya womeza phokoso, kapaipi kopindika ka flexi, magasiketi ndi mphira zatsopano zopachikira. Manifodi yoyambira pa injini ndinaisiya ya fakitale. Pa 1NZ-FE imakhala kumbuyo kwa injini, pamalo opanikizika, ndipo phindu loisintha silikanafanana ndi mtengo wake.

Panali anthu angapo amene anandinyengerera kuti ndichotse catalytic converter, kachitini kochepetsa poizoni wa mu utsi, ena mpaka kulonjeza kundipatsa ndalama. Chimene amachifuna ndi zitsulo zamtengo wapatali za platinum, palladium ndi rhodium zomwe zimapakidwa pa chisa chake cha m'kati. Ndinakana, ndipo ndikulangiza aliyense kuti akane. Ngati chisacho sichinatsekeke kapena kusungunuka, kuchichotsa kumawonjezera mphamvu yochepa kwambiri, pomwe utsi umayamba kununkha ndi kuwawa m'maso, mawu a galimoto amasanduka osasa ngati chitini chong'ambika, ndipo pa galimoto zokhala ndi sensa yachiwiri kuseri kwake, nyali ya check engine imayaka osazimanso. Utsi umenewo amaupuma ndi ana athu omwe amayenda m'mbali mwa msewu popita kusukulu.

Tsiku lowotcherera ndinakhala pomwepo kuyambira m'mawa. Tinayamba tachotsa waya wa batire kuti moto wowotcherera usaononge kompyuta ya galimoto, ndipo tinakweza galimoto pa zochirikizira zachitsulo, osati pa jeke yekha. Wowotcherera anayamba walumikiza zidutswa zonse ndi timadontho chabe, kenaka tinatsitsa galimoto pansi kuti tione ngati paipi siikhudza thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki kapena bampala, ndiponso ngati siilendewera. Izi n'zofunika kuno chifukwa mahampu a m'malo ochitira malonda ndi misewu yafumbi yopita kumaesiteti salekerera paipi yotsika. Titakhutira ndi pomwe anawotcherera mozungulira. Pomaliza madala aja analiza injini, natseka kukamwa kwa paipi ndi chisanza kwa kanthawi, uku akuyendetsa dzanja pafupi ndi mfundo iliyonse. Pa mfundo ina anamva kampweya kakutuluka, ndipo anaibweza kuti iwotchereredwenso. Kabowo kotere si nkhani ya phokoso lokha, chifukwa mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo ndipo ukalowa m'galimoto yotseka mawindo umapha.

Kumbali ya mpweya wolowa ndinatsala pang'ono kulakwitsanso. Achinyamata ambiri amachotsa bokosi la eyakilina n'kuikapo fyuluta yooneka ngati chulu, chifukwa imamveka kufwenthera kosangalatsa munthu akaponda moto. Vuto lake n'lakuti ikakhala poyera m'boneti imayamwa mpweya wotentha wa injini, pomwe mpweya wotentha uli ndi oxygen wochepa, ndipo m'mwezi wa October kuno kutentha kwake aliyense amakudziwa. Mafyuluta ena otere amapakidwa oyilo, amene amakadetsa sensa ya MAF ija, ndipo otchipa amalowetsa fumbi lomwe limadya masilinda pang'onopang'ono. Ndinasunga bokosi la fakitale, n'kuikamo fyuluta yabwino yapepala yomwe ndimaisintha msanga nyengo ya fumbi.

Za turbo tinakambirana mwachidule. Compression ya 1NZ-FE ndi 10.5 kwa 1, yokwera kale, ndipo kuiikira turbo kumafuna ma injector ena opopera mafuta, kompyuta yotheka kuisintha ndi katswiri woitchuna, apo ayi mapisitoni amasweka. Njira yoona ya mphamvu pa RunX ndi injini ya 2ZZ-GE ya malita 1.8, yomwe Toyota inaika mu RunX Z ndipo imapereka horsepower pafupifupi 190, koma imabwera ndi giyabokosi yake, mawaya ake ndi kompyuta yake, mabuleki nawonso amafuna kuwonjezeredwa, ndipo nambala ya injini yatsopano iyenera kukalembetsedwa ku Road Traffic kuti igwirizane ndi bulu buku. Thumba langa silinafike pamenepo.

Kuti ndisadzinamize ndi makutu, ndinayesa galimoto pamalo amodzi athyathyathya a msewu wa M18, m'mawa kulibe anthu, kuchoka pa liwiro la 40 kufika 80 m'giya yachitatu, mnzanga atagwira wotchi ya pafoni. Inaposa mmene inkachitira ndi paipi ya mainchesi 3 ija, ndipo ulesi wa ponyamuka unatheratu. Mawu ake tsopano ndi otsika ndi okhuthala, amatseguka singano ikadutsa 4000, koma pa ulendo wautali timacheza m'galimoto osakweza mawu.

Ndinadziwitsa a inshuwalansi za kusinthaku kuti pasadzakhale kukanirana tsiku la ngozi, ndipo nthawi ya COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, itakwana ndinapita nayo ili momwemo. Woyeza anasuzumira pansi, anandiuza kuti ndiponde moto kawiri, anayang'ana utsi, n'kupitiriza kuona mabuleki ndi magetsi. Patatha sabata ziwiri ndinabwerera kwa madala aja kuti akamangenso mabawuti a pa magasiketi, chifukwa chitsulo chatsopano chikatentha ndi kuzizira kangapo mabawuti amakhwepa, ndipo awiri mwa iwo tinawapezadi atayamba kumasuka.