Mzere umodzi mu routing table

Dzulo masana ndinataya maola awiri ndikufufuza chifukwa chimene kompyuta yanga inkakanira kulumikizana ndi pulinta ya mu ofesi pamene intaneti inkayenda bwinobwino. Nditalemba lamulo la route print, limene limasonyeza routing table (mndandanda wa njira zimene kompyuta imatumizira uthenga pa netiweki), ndinapeza mzere wa 192.168.1.0, wa netiweki imene pali pulintayo, ukulozabe ku gateway (khomo lotulukira) ya VPN, pulogalamu yolumikizira kompyuta ku netiweki yakutali, imene ndinaichotsa kalekale.

Chimene chikundiwawabe n'chakuti ndinazimitsa ndi kuyatsanso kompyutayo kanayi konse popanda phindu, popeza mzerewo unali pansi pa Persistent Routes (njira zokhazikika zimene sizifufutika kompyuta ikazimitsidwa), ndipo Windows imasunga mizere yotere mu registry, nkhokwe yake yosungiramo makonzedwe a kompyuta. Kwa ine, pulogalamu yosiya zinyalala zotere ikachotsedwa inalembedwa mosasamala. Ndinatsegula Command Prompt (windo lolembamo malamulo) ngati administrator, n'kulemba route delete 192.168.1.0 kuti ndichotse mzerewo, ndipo pulintayo inalavula nthawi yomweyo mapepala onse amene anali atadikira.