Mimba ya amalume

Amalume anga ndi amene amandilipirira fizi. Ndiye atanena kuti akufuna chinsalu chachikulu chopachika pakhoma pa phwando lokumbukira kuti atha zaka 30 ali pabanja, panalibe zoti ndili ndi mayeso kapena chiyani. Anandiitanitsa ku Turffontein Lamulungu masana. Tinadya nsima ya ufa wa m'sitolo wa kuno ku Joni, ndiwo zake usipa wobwera pa basi kuchokera ku Mangochi, ndipo atasamba m'manja anandiyang'ana nati, "Mphwanga, chino n'chaka chachiwiri ndikuthira marandi ku Braamfontein. Tionetse zimene mumaphunzira kumeneko."

"Musadandaule amalume, imeneyo ndi ntchito ya usiku umodzi," ndinatero ndikutolera mafupa a usipa m'mbale.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Masiku amenewo ndinkadzimva kwabasi, ndipo chinandipengetsa ndi phunziro limodzi. Ine ku koleji ndinapitira kukonza ma poster ndi ma logo pa kompyuta, koma anatikakamiza tonse kutenganso phunziro la kayang'anidwe ka zithunzi. Poyamba ndinkaseka. Munthu wa maso awiri n'kumuphunzitsanso kuona? Mphunzitsi wake anali mayi wachikulire wouma pakamwa. Tsiku loyamba anazimitsa magetsi m'kalasi n'kuwalitsa pakhoma chithunzi cha Gerard Sekoto, wojambula wa kuno ku South Africa, cha nyumba zachikasu za ku Sophiatown, chimene Johannesburg Art Gallery inagula mu 1940, nthawi imene ntchito ya munthu wakuda sinkalowa m'nyumba zoterozo. Anati tichiyang'ane mphindi 10, osayankhula, osagwira foni. Mphindi ziwiri zoyambirira ndinaona nyumba basi. Yachitatu ndinayamba kuwerengera ngongole zanga. Koma chapakati penapake dzuwa la pakhoma lachikasu lija linayamba kundiotcha, ndinapezeka ndili pa kamsewu kafumbi ka kwathu ku Ndirande cha m'ma 3 koloko masana, nthawi ija agalu amagona pansi pa khonde. Atayatsa magetsi anatiuza kuti kuyambira mu 1955 boma la tsankho linasamutsa anthu a ku Sophiatown n'kugumula nyumba zawo, ndipo Sekoto mwini wake anapita ku Paris mu 1947, osadzapondanso kwawo mpaka anamwalira mu 1993. Msewu uja unatsala pachithunzi pokha. Ndinatuluka m'kalasi ndili duu, zimene anzanga amati zimachitika kamodzi pachaka.

Lamulo la mayiyo linali limodzi, amalibwereza ngati nyimbo ya kwaya: osathamanga, yang'ana mpaka m'makona.

Sabata ina anatituma kukaona Fire Walker, chosema chachitsulo chimene William Kentridge ndi Gerhard Marx anaimika mu 2009 pafupi ndi mlatho wa Queen Elizabeth. Ukachiyandikira umangoona zidutswa zakuda ndi zoyera zitamwazikana m'mwamba mamita ngati 11, kungokhala malata osasulidwa ndi mphepo. Koma pali pamalo pamodzi, ukamachokera cha kumlatho, pamene zidutswa zonsezo zimakumana n'kusanduka mayi atasenza mbaula yoyaka pamutu, ngati amayi aja amaotcha chimanga ndi mitu ya nkhosa m'misewu ya m'tauni. Ndinachizungulira kasanu, mpaka mnyamata wogulitsa maswiti anandifunsa ngati ndataya ndalama.

Kuchokera pamenepo sindinkagwirika. Ndinauza azakhali kuti makatani awo ndi masofa sakumvana. Kalendala ya ku butchala imene ili kukhitchini kwawo ndinaiyang'ana mphindi 10 zathunthu, manja kumbuyo. Aliyense wondipatsa khutu ndinkamulalikira kuti ife Amalawi zojambula tinayamba kalekale pa miyala ya ku Chongoni ku Dedza, chikhalirecho ine ku Dedza ndimangodziwako mbatata ya kachewere ya pawindo la basi.

Lolemba azakhali ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Chinali cha pa ukwati wina ku Ntcheu zaka zambiri zapitazo, anthu ngati 30 ataima m'mizere itatu, amalume ndi azakhali ali mzere wakumbuyo pafupi ndi mtengo wa mango. Wina kumudzi anachijambula ndi foni chili m'felemu pakhoma, n'kutumizira wina, winayo n'kutumizira azakhali. Ndinapempha china. Amalume anakanitsitsa. Amati suti ya buluu imene anavala tsikulo sinapezekenso ina yowakhala choncho.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa tchimo langa silinali la umbuli. Chithunzi cha pa foni chili ngati mkeka wolukidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono ta mitundu, timene timati ma pixel. Tikachuluka diso silitiona, limangoona nkhope. Kusukulu anatiphunzitsa kuti pepala logwira m'manja limafuna timabokosi 300 pa inchi iliyonse, ndipo chinsalu choonera patali chimatha kupirira ndi 100. Nditawadula amalume pakati pa gulu lija, nkhope yawo inali ndi timabokosi 40 kuchoka khutu ili kufika linalo. Pa chinsalu cha mamita atatu mulitali ndi awiri msinkhu, nkhopeyo imayenera kukula theka la mita. Ndiye kuti pa inchi ndinali nato tiwiri. Masamu amenewa ndinawachita ndithu, papepala. Kenako ndinayang'ana pa laputopu, pomwe chinsalu chonse ndinali nditachichepetsa kuti chikwane pa sikirini, n'kuona amalume akuoneka bwana weniweni. Pepala lija ndinapukutira tebulo.

Lachiwiri usiku foni inalira. Anali amalume, akunong'ona, kumveka kuti atulukira panja.

"Mphwanga, ndamva kuti makompyuta anuwo amatha kuchepetsa zinthu."

"Amatha, amalume."

"Pamimbapo uchitepo kanthu. Pang'ono pokha. Azakhali ako asadziwe."

Ndinalonjeza. Poopa kuiwala, ndinachita zimene ndimachita masiku onse pa Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi: ndinatsegula layer yatsopano n'kudzilembera uthenga. Ma layer ali ngati mapepala a pulasitiki oonekera osanjikizana, lina la chithunzi, lina la maluwa, lina la mawu, ndipo lililonse lili ndi kadiso pambali. Ukakadina, pepalalo limabisika. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu zofiira, CHEPETSA MIMBA YA AMALUME, pansi pake AZAKHALI ASADZIWE, n'kujambula muvi woloza pamalopo. Ndinadina kadiso, uthenga unabisala, ndinakagona. Ntchito ya mimbayo ndinati ndidzaichita pomaliza, chifukwa imafuna dzanja lofatsa.

Osindikiza a ku Fordsburg amafuna fayilo Lachisanu m'mawa. Ntchito ya usiku umodzi ija ndinaiyamba Lachinayi 9 koloko usiku. Itakwana 10 koloko magetsi anazima dera lonse. Batire ya laputopu yanga imakhala mphindi 20 ikakondwa, ndipo ikayamba kufooka sikirini imachita mdima yokha. Pamenepo n'kuti maluwa a m'mphepete atasowa, sindikudziwa kuti ali pa layer iti. Thukuta kamukamu, ndinalamula kuti ma layer onse aonekere. Maluwa anabwera. Ndinapanga PDF, ndinaiponya pa foni, laputopu inathima. Ndinayamika Mulungu mumdima.

M'mawa mwake ndinakwera taxi pa Bree, ndipo tsoka silinunkha, malo otsala anali mpando wakutsogolo. Amene amakhala kuno akudziwa kuti wokhala pamenepo ndiye kondakitala: ndalama zonse zimabwera kwa iwe, uwerenge, ubweze chenji, dalaivala akukuyang'ana ndi diso la m'mbali. Ndili pakati pofufuza kuti R50 iyi ndi ya anthu angati, foni inanjenjemera. Osindikiza aja anatumiza kachithunzi koti ndivomereze, ndi uthenga woti chithunzi changa n'chofooka kwambiri, komanso ndionetsetse mawu onse ngati ali m'malo. Bambo ameneyo ntchito yake anaigwira, sindingamunamizire. Ndinasuzumira kachithunzi kaja kali ngati bokosi la machesi, n'kutumiza chala chachikulu. Munthu amene ndinapatsa kalendala ya ku butchala mphindi 10, ntchito yangayanga ndinaipatsa masekondi awiri.

Loweruka holo ya ku Rosettenville inadzaza. Amayi a chigwirizano, anzawo a amalume a ku ntchito, matchona akalekale amene amabwera ndi zipewa zawo, onse analipo. Chinsalu chinafika chokulungidwa, ndipo ine ndinaumirira kuti asuweni anga achipachike holo isanatsegulidwe n'kuchiphimba ndi zitenje, ati tikachivundukule pamaso pa anthu monga amachitira ku zionetsero. Pamene amapachika n'kuti ine ndili kometetsa. Asuweniwo anandilandira pakhomo akumwetulira modabwitsa, ine n'kumati ndi nsanje.

Abusa atapemphera, MC anakuwa kuti tsopano tione ntchito ya manja a mwana wathu wophunzira. Amalume ndi azakhali anagwira chingwe limodzi n'kukoka.

Holo yonse inati zii.

Suti ya buluu ija inali itasanduka yofiirira ngati biringanya. Zimenezonso tinaphunzira: sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, ndipo buluu wowala wa pa sikirini inki siimukwanitsa. Koma suti inali nkhani yaing'ono. Pamene panayenera kukhala nkhope panali timabokosi tabulauni, kalikonse ngati chikhadabo cha chala chachikulu, tondandalikidwa bwinobwino ngati matailosi a m'bafa. Gogo wina wa mzere wakutsogolo anafunsa mokweza kuti, "Kodi ndi nyumba imene akumanga kumudzi ija?"

Chinthu chimodzi chokha chinatuluka chakuthwa ngati lumo. Zilembo sizipangidwa ndi timabokosi, kompyuta imazisunga ngati mizere yowerengetsera, moti ungazikulitse kufika pa phiri la Mulanje sizingaphwanyike. Pakati pa chinsalu, zofiira psuu, chilembo chilichonse kutalika ngati chikhatho, panali uthenga wanga, ndi muvi wake ukuloza mimba imene sindinaikhudze n'komwe.

Mkulu wina wa nthawi ya Wenela anaimirira kuti awawerengere akazi awo amene anaiwala magalasi. Anawerenga ngati ali sitandade 1.

"Che-pe-tsa... mi-mba... ya a-ma-lu-me."

Anapuma, n'kutsitsa chala.

"A-za-kha-li... a-sa-dzi-we."

Azakhali anatembenuka pang'onopang'ono, chingwe chikadali m'manja. "Bambo, ndisadziwe chiyani?"

Anthu anafa nalo phwete. Amayi a chigwirizano anagwirana mapewa, wina mpango unagwa. Abusa anabisa nkhope m'pulogalamu koma mapewa ankawaulula. Amalume anangoima, dzanja limodzi litapita lokha pa batani la jekete.

MC, munthu wopanda chisoni, anandipatsa maikolofoni. Chanzeru chinali kupepesa n'kukhala pansi. Koma sukulu inandikwera m'mutu. Ndinati, "Makolo anga, ichi ndi luso lamakono. Pali chosema m'tauni muno chotchedwa Fire Walker, ukakhala pafupi suona kanthu, umayenera kupeza malo ake oonera. Chinsaluchinso n'choonera patali."

Sindinkayembekezera kuti andimvera. Anthu anadzuka. Anabwerera chambuyo mpaka kumapeto kwa holo: matailosi. Anatsegula zitseko zonse ziwiri n'kutulukira pakhonde: matailosi omwewo, koma ngati ali ndi makutu. Anadutsa poimika magalimoto, amayi atanyamula mbale zawo za mpunga, ena mpaka kuwoloka msewu kukaima pa spaza, kagolosale ka tsidya linalo. Mwini spaza anatuluka kudzaona chimene anthu 50 ovala bwino akusuzumira. Kenako kamdzukulu ka amalume, katakwera paphewa pa bambo ake, kanakuwa, "Ndi agogo! Ndawaona agogo!"

Nthungululu inamveka msewu wonse. Ine mtima unayamba kukhala m'malo, mpaka mkulu wa Wenela uja anawonjezera kuti, "Zoonadi ndi iwowo. Ndipo mawuwo akuwerengekabe kuno."

Nthawi ya perekaniperekani MC anapezerapo msika. Anaika mabeseni awiri. Ofuna kuti mimba ichepe aponye R20 uku, ofuna kuti ikhale momwemo aponye R50 uko. Azakhali anavina kuchokera kumpando kwawo, anafika pa beseni lachiwiri n'kuponya R200, akunena kuti mimba imeneyo anaimanga okha zaka 30 ndi nsima yawo, palibe kamwana ka pa kompyuta kangaigumule. Beseni limenelo linadzaza kawiri.

Amalume sanandiyankhule tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Sabata yachitatu ananditumizira uthenga wa mzere umodzi: "Fizi ya chaka chamawa ndilipira, chifukwa zikuoneka kuti sunamalize kuphunzira."

Chinsalu chija sanachitaye, pulasitiki yake ndi yolimba, madzi salowa. Anachipereka kwa mnyamata wina wonyamula katundu wa anthu kupita kumudzi kuti azifunditsira ngolo yake nthawi ya mvula. Moti amalume adutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa mlatho wa ku Tete mpaka pa Mwanza, muvi uli pamimba, opanda pasipoti.

Mwezi watha amayi anandiimbira kuchokera ku Blantyre. Anakadikirira katundu wawo pa Kameza, ndipo ati galimoto ikukhota chapatali, iwo anali atazindikira kale kuti akubwerawo ndi achimwene awo.

"Unawajambula bwino amalume ako," anatero. "Koma iwe, mimbayo bwanji sunachepetse? Munthu anachita kukupempha."