Kuika chiwindi china: ntchito ya madokotala ndi ntchito yotsalira abale

Kuno ku Blantyre uthenga wopempha thandizo la ndalama zotumizira wodwala ku India sulinso wachilendo, pakuti umafika pa WhatsApp ya mpingo, pa Facebook, ngakhalenso pa msonkhano wa banja. Odwala ambiri otere amakhala a impso, ena mwa iwo ali kale pa makina otsuka magazi ku chipatala cha Queen Elizabeth, koma aliponso a chiwindi, ndipo awa ndiwo ali pa mpanipani waukulu chifukwa palibe makina amene angagwire ntchito ya chiwindi kwa miyezi ndi zaka monga amachitira makina a impso. Chimene chimandidetsa nkhawa m'mapempho amenewa n'chakuti ndalama zowerengedwa zimakhala za ndege, za opaleshoni ndi za malo ogona, ngati kuti nkhani imathera pa tsiku lotuluka m'chipatala, pamene zotsatira zenizeni zimadalira kwambiri zaka zimene wodwalayo adzakhale ali ku Ndirande kapena ku Chilomoni.

Luso loika chiwalo cha munthu wina m'thupi la wodwala si lakale kwenikweni. Impso yoyamba kugwira ntchito bwino m'thupi la munthu wina inaikidwa mu 1954 ku Boston ndi Joseph Murray, ndipo zinatheka chifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana, kotero thupi silinaione ngati mlendo. Chiwindi chinavuta kwambiri. Thomas Starzl anayesa koyamba mu 1963 ku Denver, koma wodwalayo, amene anali mwana, anamwalira opaleshoni ili mkati chifukwa cha kutaya magazi, ndipo munali mu 1967 pamene wodwala wake wina anakhala ndi moyo kupitirira chaka. Ngakhale pamenepo ambiri ankamwalirabe, mpaka pamene mankhwala a cyclosporine, amene Roy Calne wa ku Cambridge anawayesa pa odwala, anavomerezedwa mu 1983. Mipeni ndi ulusi sizinasinthe kwambiri m'zaka zimenezo, koma mankhwala oletsa thupi kukana chiwalo ndiwo anasintha opaleshoni yoyesera kukhala chithandizo chodalirika.

Opaleshoni ya impso ndi yosavuta kuimvetsa. Impso zakale nthawi zambiri zimasiyidwa pomwe zili, ndipo yatsopano imaikidwa m'munsi mwa mimba cha m'mbali, n'kulumikizidwa ku mitsempha yopita ku mwendo ndi ku chikhodzodzo. Chiwindi sichilola zimenezo, chifukwa chakale chiyenera kuchotsedwa chonse, ndipo chatsopano chikhale pamalo omwewo. Kuchotsako ndiko gawo loopsa, pakuti chiwindi chodwala chimakhala cholimba ndi zipsera, magazi ochokera ku matumbo amalephera kudutsamo bwino n'kufufumitsa mitsempha yonse yozungulira, komanso chiwindi chomwecho ndicho chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana. Dokotala amadula pamalo podzaza magazi, m'thupi limene silingathe kuwaletsa kutuluka. N'chifukwa chake chipatala chochita ntchito imeneyi chimayenera kukhala ndi nkhokwe yaikulu ya magazi, ndipo aliyense amene wamvapo mapempho a Malawi Blood Transfusion Service pa nthawi imene sukulu zatsekera angaone yekha kukula kwa vutoli.

Chiwindi chakale chikachoka, wodwala amakhala kwa kanthawi wopanda chiwindi, madokotala ogonetsa akulimbana ndi kuthamanga kwa magazi ndi mchere wa m'thupi, pamene anzawo akusoka. Amalumikiza njira yotulutsira magazi kupita ku mtima, kenako mtsempha waukulu wobweretsa magazi kuchokera ku matumbo, kenako kamtsempha kobweretsa magazi a mpweya wabwino, ndipo pomaliza njira ya ndulu. Kale ankadula ndi kuchotsa mbali ya mtsempha waukulu wodutsa kuseri kwa chiwindi, zimene zinkaimitsa magazi obwerera ku mtima kuchokera ku miyendo ndi impso, koma masiku ano ambiri amausiya mtsempha wa wodwalayo n'kusokerera chiwindi chatsopano pa iwo, kuti magazi asaime kotheratu. Mphindi imene amamasula zopanira kuti magazi alowe m'chiwindi chatsopano ndi yoopsa payokha, popeza madzi ozizira osungira chiwindicho ndi mchere wa potassium zimathamangira ku mtima nthawi imodzi, ndipo mtima ukhoza kusokonezeka.

Mavuto ambiri a pambuyo pake amachokera ku zolumikiza ziwiri zomalizazo. Mwa mwana wakhanda, kamtsempha ka magazi a mpweya kamakhala kopyapyala ngati kamtengo ka machesi, ndipo ena amakasoka akuyang'ana pa makina okulitsa zinthu. Kakatsekeka m'masiku oyamba, njira za ndulu zimafa chifukwa zimadalira magazi ake okha, ndipo nthawi zina pamafunika chiwindi chinanso. Njira ya ndulu nayo imatha kudontha kapena kuphwa n'kuchepa patapita miyezi, wodwala ali kale kunyumba, ndipo chizindikiro chake chimakhala chikasu, kuyabwa kwa thupi kapena kutentha thupi kumene kuno timafulumira kukutcha malungo.

Kwa ife, mbali yofunika kuimvetsa bwino ndi ya wopereka wamoyo, chifukwa mlendo wopita ku India sayembekezera chiwindi cha munthu womwalira, amapita ndi m'bale wake. Zimenezi zimatheka chifukwa chiwindi chili ndi zigawo 8, chilichonse ndi mitsempha yake ndi njira yake ya ndulu, komanso chimaphukanso chikadulidwa. Mu 1988 Rudolf Pichlmayr wa ku Hannover anagawa chiwindi chimodzi cha womwalira kwa odwala awiri, ndipo mu 1989 Russell Strong wa ku Brisbane anachotsa kachigawo ka chiwindi cha mayi wamoyo n'kuika mwa mwana wake, zinthu n'kuyenda bwino. Mwana amakwanira ndi kachigawo kakang'ono ka kumanzere, koma wamkulu nthawi zambiri amafuna mbali ya kumanja, imene ndi yoposa theka la chiwindi chonse. Madokotala amayeza kuti gawo loperekedwa lifike pafupifupi magalamu 8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la wolandira, ndipo wopereka atsale ndi gawo losachepera 30 pa 100 alionse a chiwindi chake. M'miyezi yochepa mbali zonse ziwiri zimakula n'kuyandikira msinkhu wofunika.

Wopereka ndi munthu wathanzi amene akuchitidwa opaleshoni yaikulu yosamupindulira m'thupi, ndipo ngakhale imfa za opereka n'zochepa kwambiri, zinachitikapo ngakhale m'zipatala zotchuka. Ena amadontha ndulu, ena bala limawavuta, ndipo onse amasiya ntchito zolemetsa kwa masabata angapo. M'mabanja athu, pamene malume kapena mwinimbumba walankhula, mwana wa mlongo wawo savutika kupeza mawu ovomera, koma amasowa mawu okanira. Zipatala zabwino zimamufunsa wopereka payekha, abale ali panja, ndipo ndikuona kuti banja lanzeru liyenera kulola zimenezo popanda kumufunsa pambuyo pake chimene wayankha. Lamulo la ku India la mu 1994 limaletsa kugulitsa ziwalo ndipo limafuna umboni wa chibale kapena chilolezo cha komiti, mogwirizana ndi mfundo zimene akatswiri a mayiko ambiri anamvana ku Istanbul mu 2008. Aliyense wolonjeza kupeza wopereka pa mtengo akulowetsa banja m'mlandu.

Za zotsatira, m'zipatala zikuluzikulu za ku Ulaya ndi ku America pafupifupi odwala 9 mwa 10 alionse amakhala ali moyo chaka chikatha, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 amafika zaka 5. Ziwerengero zimenezi n'zolimbikitsa, koma zimachokera kumalo kumene wodwala amayezedwa magazi pafupipafupi ndipo mankhwala sasowa. Komanso si wodwala aliyense amene opaleshoni ingamuthandize. Pa khansa ya chiwindi, muyezo wa ku Milan wa mu 1996 umalola chotupa chimodzi chosapitirira masentimita 5, kapena zotupa zosapitirira zitatu, chilichonse chosapitirira masentimita 3, ndipo khansayo isakhale itafalikira. Ambiri mwa odwala athu, amene khansa yawo imayamba ndi kachilombo ka hepatitis B pamodzi ndi poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa ponyowa, amafika kuchipatala chotupa chitadutsa kale muyezo umenewo. Amene chiwindi chawo chinaonongeka ndi likodzo la m'matumbo amasanza magazi, komabe maselo a chiwindi chawo amagwirabe ntchito, kotero chithandizo chawo nthawi zambiri chimakhala kumanga mitsempha yotupa ya kummero, osati chiwalo chatsopano. Wa kachasu naye amayenera kuonetsa kuti wasiyadi kumwa. Kwa ana obadwa ndi njira za ndulu zotsekeka, opaleshoni ya Kasai, yotsegula njira yoti ndulu izitsikira m'matumbo, imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwane miyezi iwiri, choncho khanda limene chikasu chake chapitirira masabata awiri, chimbudzi chili chotuwa, lisadikire tsiku la sikelo.

Anzathu a ku South Africa anasonyeza kuti mavuto a chigawo chino angathe kubala njira zatsopano. Mu 2008 Elmi Muller ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town anayamba kuika impso za anthu okhala ndi HIV mwa odwala amene ali nayonso, ndipo mu 2017 madokotala a chipatala cha Wits Donald Gordon ku Johannesburg anaika gawo la chiwindi cha mayi wokhala ndi HIV mwa mwana wake wopanda kachilomboko, chifukwa mwanayo akanamwalira akudikira. M'dziko ngati lathu, kumene mabanja ambiri ali ndi wina amene akumwa ma ARV, nkhani imeneyi si yakutali.

Wodwala akabwerera ku Chileka, mankhwala ake aakulu oletsa thupi kukana chiwalo amakhala tacrolimus, ndipo amamwa moyo wake wonse pa nthawi yoikika. Akachepa m'magazi thupi limakana chiwalo, akachuluka amaononga impso, amakweza kuthamanga kwa magazi ndiponso angathe kuyambitsa shuga, kotero mlingo wake uyenera kuyezedwa m'magazi, ndipo banja liyenera kudziwa ulendo usanayambe kumene magaziwo azikayezedwa, amene aziwerenga zotsatira, ndi kumene ndalama zakunja zogulira mankhwalawo zizichokera kwacha ikagwa. Popeza chitetezo cha m'thupi chimakhala chitatsitsidwa dala, chifuwa chachikulu ndi chiopsezo chenicheni mumzinda uno, ndipo apa pali msampha umene ambiri sauona. Rifampicin, mankhwala odalirika a TB, amachititsa chiwindi kuchotsa tacrolimus mwamsanga, mwakuti mlingo umagwa ndipo chiwalo chingakanidwe munthu akumwa mapiritsi ake onse mokhulupirika. Ritonavir, wopezeka m'ma ARV ena, amachita zosiyana ndi zimenezo pokweza mlingowo kwambiri. Mankhwala azitsamba amene achibale amabweretsa mwachikondi sadziwika mphamvu yake pa chiwindi, ndipo n'koyenera kuwakana mwaulemu. Wodwala wotere aziyenda ndi kalata yofotokoza opaleshoni yake ndi mndandanda wa mankhwala ake pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, ndipo aziionetsa kwa dokotala kapena namwino aliyense asanamulembere mankhwala atsopano, ngakhale atapita ku chipatala chaching'ono cha m'dera lake chifukwa cha chifuwa chabe.